Kope la ngongole, kuyambira kumbuyo: mmene mapemphero anga a m'mawa akuyendera

1 Januwale 2025, kwa Santhe, Kasungu

Kope ndikulembamoli ndi lomwe lija la ngongole za pa okala. Kutsogolo kuli maina a anthu otenga sopo, mchere ndi mafuta ophikira kuti adzalipira fodya akagulidwa. Ine ndalitembenuza, ndayambira kumbuyo, ndajambula mizere ndi rula ya mwana. Mzere umodzi, tsiku limodzi. Ndikakwanitsa ndizichonga, ndikalephera ndizithetha, monga amachitira aphunzitsi.

Chandiyambitsa ndi manyazi, ndisaname. Usiku wathawu pa mapemphero olowera chaka, mkulu wa mpingo amene amalalikira anafunsa kuti ndani mwa ife anawerengapo Baibulo kuchokera ku Genesis mpaka ku Chivumbulutso. Inakwera mikono iwiri, yonse ya agogo. Ine amene ndakhala m'Chigwirizano zaka 11, wosaphonya yunifolomu pa maliro, wophunzitsa ana Sande sukulu, ndinangoyang'ana zala za kumapazi. Pofika kunyumba ndinavundukula Baibulo langa n'kupezamo khadi la kusikelo la mwana amene pano ali Sitandade 5. Khadi limenelo ndinalisaka chaka chathunthu nthawi imeneyo, mpaka kunamizira makoswe. Linali pakati pa Numeri, kumene dzanja langa silinafikekonso chiikireni.

Ndondomeko ndi iyi. Baibulo lili ndi mitu 1,189. Munthu akamawerenga mitu itatu tsiku lililonse, isanu Lamulungu, amamaliza chaka chisanathe, n'kutsala ndi masiku atatu opumira. Ndizidzuka 4 koloko, kuwerenga, kenako kupemphera theka la ola nditagwada. Madzulo tikatha kudya, banja lonse pamodzi, nyimbo imodzi ndi pemphero. Lachisanu kusala kudya mpaka masana.

Bambo a kunyumba ataona mizereyo anaseka pang'ono. "Amayi, zili bwino zimenezi. Koma fodya akakhwima tidzaonana." Ndawayankha kuti Mulungu analipo fodya asanabwere. Yankho limeneli ndalikonda ndekha.

15 Januwale

Lero ana sanapite kusukulu, ndi tsiku la Chilembwe, ndiye ndapeza mpata wowerengetsa. Pa masiku 15, ochonga ndi 12, othetha atatu. Ndikanayenera kukhala pa Genesis 49, ndili pa 41, Yosefe wangotuluka kumene m'ndende.

Vuto loyamba silinali la mzimu ayi, linali la nyali. Kasola kathu sikadzadza batire kukachita mitambo masiku awiri otsatizana, ndipo mwezi uno mitambo ndiye pakwawo. Ndinayamba kuwerengera tochi ya pa foni, koma foni ikakhala m'manja 4 koloko m'mawa, chala chimadziwa chokha njira ya ku WhatsApp. Tsiku lina ndinapezeka ndatha mphindi 20 ndikuyankha "Ameni" pa zithunzi za maluwa zolembedwa mavesi, Baibulo lenilenilo lili pamwendo chitsekereni. Ndagula tochi ya mabatire awiri. Foni izigona m'chitini cha ndalama ku okala.

Genesis wandidabwitsa. Timamudziwa wa ku Sande sukulu, wa chingalawa ndi utawaleza. Muli ndi Labani, wosintha malipiro a Yakobo kakhumi. Ndinaima pamenepo n'kuwawerengera bambo mokweza, poti malemu bambo awo anakhalapo tenanti pa esiteti ina kuno ku Kasungu zaka zinayi, ndipo chaka chilichonse pa kuwerengera ankatuluka ndi ngongole ya chimanga chimene anadya. Anasiya kunola khasu, anangoti, "Tawerenganinso."

Koma pali kanthu kamene sindikukakonda. Ndikadzuka mudzi wonse uli zii, ndimamva kukoma kwina kosakhala kwa pemphero. Ndimasuzumira nyumba za anzanga zili mdima bii, mumtima n'kumati, agona amenewo. Ndalemba kuti ndisadzakane.

9 Febuluwale

Zagwa. Bambo sananene kuti "ndinanena," koma ndikuwaona akunena ndi maso.

Fodya wakhwima nthawi imodzi, ndipo fodya wa bale sadikira munthu. Timalowa m'munda mame akadali pa masamba, kuthyola mpaka dzuwa lifike paliwombo, kututa, kenako kukhala pansi pa chigafa kusoka mpaka maso asiye kuona singano. Mikangala ikapachikidwa ndiye ndikayambe za nsima. Manja amada ndi utomoni wa fodya umene sopo sachotsa tsiku limodzi. Masamba a Eksodo 3 mpaka 9 ali ndi zidindo za zala zanga. Kudzuka 4 koloko ndikudzukabe, koma kudzukira kumunda. Kawiri konse ndagona chogwada, chipumi pa bedi, n'kudzidzimuka kunja kutayera, bondo litachita dzanzi. Kusala kwa Lachisanu ndinasiya nditachita chizungulire pakati pa mizere. Komanso kunena zoona, mu Febuluwale muno ufa uli pansi pa thumba, masana tikungotafuna dowe ndi maungu, ndiye kusala ndi kusowa sizikusiyana kwenikweni.

Masana ano titaweruka ku tchalitchi ndinakhala pakhonde kuwerengetsa. Lero ndikanakhala pa Numeri 15, mutu wa 132 chiyambireni. Ndili pa Eksodo 16, mutu wa 66. Ngongole ya mitu 66, theka lenileni. Ndinayamba kugawa: ndikamawerenga mitu isanu ndi umodzi patsiku, ndibweza pa masiku 24. Ndili mkati mogawamo ndinazindikira kuti ndikuchita chimodzimodzi mmene ndimachitira ndi munthu wa kutsogolo kwa kopeli amene ngongole yamukulira. Ndipo munthu woteroyo ndimamudziwa. Sabwera kudzabweza. Amasiya kudutsa pa okala, amazungulira kuseri kwa chigayo, akakuonera patali amayamba kuyankha foni yosalira. Masiku asanu apitawa inenso Baibulo ndakhala ndikulizungulira chomwecho. Lili pazenera, ine ndikudutsa ngati sindikuliona. Ngakhale popempherera nsima ndimafulumira, ngati mwini ngongole andigwira chitenje.

Apongozi anandipeza ndili ndi kope pamwendo. Maso awo ali ndi ng'ala, sawerenganso, koma ndi mmodzi mwa awiri aja anakweza mkono. Anafunsa kuti ndikuwerengetsa chiyani Lamulungu, poganiza kuti ndi za okala. Nditawafotokozera anakhala chete, kenako anati, "Apongozi, mwati muli pati?" Ndinati Eksodo 16. "Tawerengani pomwepo, ndimve nawo."

Ndinawerenga. Ndi nkhani ya mana m'chipululu. Aliyense ankatola chakudya cha tsiku limenelo, muyeso umodzi pa munthu, m'mawa dzuwa lisanatenthe, chifukwa likatentha chinkasungunuka. Amene anasungako kuti adye mawa anachipeza chitagwa mphutsi, chikununkha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi lokha ndi limene ankatola cha masiku awiri, chifukwa cha Sabata.

"Nanga amene anagonereza Lachiwiri," anatero apongozi, "Lachitatu ankatola miyeso iwiri kuti abweze?" Ndinayang'ana m'mutumo, mulibe zotero. "Ameneyo ankagona ndi njala Lachiwirilo, basi. Lachitatu n'kutola cha Lachitatu. Inu nsima imene simunadye dzulo mumaidya lero pamodzi ndi ya lero?" Ndinafuna kutchula za mkute, koma ndinadzigwira.

Anandiuzanso kuti iwo Baibulo analimaliza pa zaka zisanu ndi chimodzi, osati chimodzi, ndipo mitu yambiri anawerenga akudikira nyemba kuti zipse. "Yesaya yense ndi wa nyemba," anatero, n'kudzuka ndi ndodo yawo.

Tsamba la mizere lija sindinang'ambe. Ndangolemba m'munsi mwake kuti "yafafanizidwa," mawu amene kutsogolo kwa kopeli ndinalembapo kamodzi kokha, munthu wake atamwalira.

23 Febuluwale

Ndondomeko yatsopano yatha masabata awiri, ndipo ndi yaing'ono yochititsa manyazi.

M'mawa uliwonse, kaya kuli fodya kaya kulibe, ndimakoleza moto n'kutereka madzi. Chimenechi sindinaphonyepo chikwatiwireni, chonsecho palibe amene amandichonga. Ndiye Baibulo ndalichotsa kuchipinda, ndalikulunga m'jumbo ya shuga kuopa utsi, likukhala m'khitchini pa kashelefu ka mchere. Madzi akakhala pamoto ndimakhala pa kampando, kuwerenga kandime kamodzi mpaka awire. Nkhuni zikakhala zonyowa kuwerenga kumatalika. Ndikatha ndimasankha mawu ochepa opita nawo kumunda, ndipo pemphero ndimapemphera poyenda, kuchokera pakhomo kukafika pa chulu cha m'malire mwathu, mtunda wa mphindi khumi. Sindigwada, sindigonanso.

Eksodo ndamusiya kaye, ndayamba Marko pa 10 Febuluwale. Ndiye wamfupi pa mabuku anayi a Uthenga Wabwino, mitu 16, ndipo amayenda ngati munthu wa pa ganyu, "pomwepo" apa, "pomwepo" apo. Ndawerengetsa kuti ndikamayenda pang'onopang'ono ndifika pa mtanda sabata ya Pasaka. Pa 1:35 Yesu akudzuka kukadali mdima kukapemphera kwa yekha, ndipo mavesi a pamwamba pake akuonetsa kuti dzulo lake, dzuwa litalowa, mudzi wonse unali pakhomo ndi odwala. Sanathe n'komwe, Simoni wamulondola kale, akuti anthu onse akukufunani. Ndinaseka ndekha m'khitchini, chifukwa nthawi yomweyo wamng'ono anali pakhomo akulirira malaya ake a sukulu.

Dzulo ndinatenga 4:26-29, fanizo la munthu wofesa mbewu n'kumagona ndi kudzuka, mbewu ikumera ndi kukula iye osadziwa mmene ikuchitira. Ndinapita nalo m'chimanga pokathyola nkhwani. Chimanga chimene tinadzala mu Disembala chandipitirira msinkhu, ndipo palibe tsiku limene ndinachiona chikukula.

Mlozo wa chaka chino, kabuku ka ndime zowerenga tsiku ndi tsiku, ndili nawo, ndinagula ku tchalitchi monga mwa chaka ndi chaka, ndipo ndi umene tikutsata madzulo chifukwa ndime yake ndi yosankhiratu, palibe kulimbana. Mapemphero a madzulowa akuchitika mwina kanayi pa sabata. Wowerenga ndi mwana wa Sitandade 5 uja, ndipo agogo ake anaumirira kuti aziwerenga m'Baibulo lawo, Buku Lopatulika lachikuto chosokedwa ndi ulusi, la kalembedwe kakale kamene "chifukwa" amalemba "cifukwa." Tsiku loyamba mwanayo anawerenga kuti "sifukwa," nyumba yonse inafa ndi phwete, agogo ake misozi mbwee. Ndinamuuza kuti bukuli linatuluka koyamba mu 1922, ntchito ya a William Murray a mishoni ya Nkhoma pamodzi ndi anzawo, azungu ndi akuno komwe, ndipo Chichewa chake ndi cha agogo a agogo ake. Iye amakonda Buku Loyera la 1998 limene ndinabwereka kwa mnzanga, akuti limayankhula ngati munthu. Tagwirizana kuti pamene pavuta aziwerenga kawiri, m'lakale ndi m'latsopano. Ineyo lakale ndimalikonda pa Masalmo, latsopano pa makalata a Paulo, amene m'lakale chiganizo chimodzi chimamutha munthu mpweya.

Kuchonga ndikuchongabe, koma kuthetha ndasiya. Tsiku lophonya limangokhala lopanda kanthu.

16 Malichi

Mwachidule. Wamng'ono anadwala malungo, tinagona kuchipatala masiku atatu. Titangotuluka kunagwa maliro kwa amfumu, masiku awiri kusiwa. Mipata isanu ndi iwiri m'kope. Kuchipatala ndinalibe Baibulo, ndipo pemphero langa lonse linali mawu atatu obwerezabwereza, "Ambuye, mwanayu, Ambuye." Masiku amenewo ndinagwira bolopeni kuti ndichonge, kenako ndinawasiya momwemo.

Chimene ndaona n'chakuti m'mawa woyamba kunyumba, nditatereka madzi, dzanja linapita lokha ku jumbo ya shuga ija. Sindinalitume. Ndinayambira pomwe ndinasiyira, Marko 6, pamene akuti anthu anali piringupiringu moti ophunzira analibe ndi mpata wakudya womwe.

6 Epulo

Ndaima pa vesi limodzi masiku anayi, ndipo sikuti nthawi yasowa. Fodya wauma, tikusankha ndi kumanga mapindi, ntchito yokhala pansi.

Marko 11:25. Akuti ukaimirira kupemphera, ngati uli ndi kanthu ndi munthu, khululuka.

Nkhani yake ndiilembe yonse. Mu Disembala, nthawi yothira feteleza wachiwiri, alamu anga, mlongo wawo wa bambo, anabwereka ndowa imodzi ya CAN, kuti abweza Khirisimasi ikangodutsa, amuna awo akatumiza ndalama kuchokera ku Joni. Feteleza ameneyo tinagula titagulitsa mbuzi ziwiri. Khirisimasi inadutsa, ndalama zinabwera, tinaziona ndi maso: malata atsopano pa khitchini yawo. Mizere yathu yakumapeto inakhala yosathira, fodya wake wachikasu, masamba ngati makutu a kalulu. Nditatuma mwana kukakumbutsa, yankho linadzera pa mjigo, lakuti "wa mapemphero uja ngwouma manja, ndi mchere womwe amachita kuwerenga." Kuyambira Januwale sitilonjerana. Tikakumana pa mjigo wina amayang'ana ndowa yake, wina yake. Ku tchalitchi timakhala benchi limodzi, timaimba nyimbo imodzi, ndipo pa Mgonero wapitawu tonse tinadya.

Chandiwawa n'chakuti masabata onsewa ndakhala ndikupemphera podutsa kuseri kwa nyumba yawo. Njira ya ku chulu ija imadzera pomwepo. Ndimafika pa khola lawo ndili pakati popempherera ana, n'kudukiza, mtima n'kuyamba kuwerenga malata, limodzi, awiri, mpaka asanu ndi atatu, ndikadutsa n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Pemphero la Ambuye timalinenanso madzulo, ndi mawu aja a m'Baibulo la agogo akuti "mangawa." Mwana anafunsa tsiku lina kuti mangawa n'chiyani, ndipo ine ndemwe ndinamuyankha kuti ndi ngongole. Ndinayankha ngati mphunzitsi, osamva kanthu.

Dzina la alamu lili kutsogolo kwa kope lomweli, tsamba lachitatu, la bolopeni yofiira. Kuchokera pamenepo kufika pa mizere yanga yochonga pali mapepala 40 okha.

Njira zozembera ndayesa zonse. Ndinati vesilo likunena za mumtima, osati mpaka kunyamuka. Ndinati olakwa ndi iwo, abwere ndi iwo. Ndinatsegula mutu 12 kuti ndipitirire, maso akuyenda koma mtima uli pa 11:25. Bambo nditawafunsa anati, "Amayi, za inu ndi alamu anu ine mundichotsemo. Uyo ndi mlongo wanga, inu ndinu akazi anga, ndikaponda uku kwapsa uku." Apongozi sindinawafunse. Ndi mwana wawo, komanso ndikudziwa chimene anganene.

Mu Januwale ndinkaganiza kuti chodzagwetsa ntchitoyi ndi tulo.

10 Epulo

Ndinapita dzulo madzulo. Ndinanyamula kambale ka mchere ndi mtanda wa sopo, chifukwa kupita chimanjamanja kukanaoneka ngati ndabwera kudzalonjerera ngongole.

Ndinaodira katatu. Anatuluka akupukuta manja pa chitenje, nkhope ili gwa. Mphasa anandiyalira, poti mwambo ndi mwambo.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Taswera. Kaya inu."

"Taswera. Ndabwera kuti tizilonjerana. Za feteleza zija sindinabwerere zimenezo."

"Nanga mwabwerera chiyani?"

"Ndikulephera kupemphera."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti mwina alira, kapena apepesa, monga zimathera m'maumboni a pa wailesi. Anangoti, "Inunso munanditumira mwana, ngati ndine wakuba. Mukanabwera nokha." Pamenepo ananena zoona, ndipo miyezi yonseyi sindinaziganizepo. Ndinapepesa za mwanayo. Iwo za pa mjigo sanapepese, za ndowa sanatchule. Tinakamba za chifuwa cha agogo ndi za kukwera mtengo kwa ziguduli, kenako anandiperekeza mpaka pa khola.

Pobwerera ndinali ndi mkwiyo wina watsopano, woti wapepesa ndine wolakwiridwa. Nawonso ndiulembe. Koma m'mawa uno pa mjigo anayamba ndi iwo, "Mwadzuka bwanji, alamu," amayi onse kutembenuka, wopopa mpaka kusiya kupopa. Ananditwikanso ndowa. Lero ndawerenga mutu 12.

Dzina lija pa tsamba lachitatu sindinafafanize. Funso limene landitsalira ndi lakuti, kodi kukhululuka kumafuna kuti ndowa ya feteleza ija ife basi, kapena ndingosiya kuisenza popita kumunda? Ndikafunsa pa Chigwirizano popanda kutchula munthu, ngakhale kwathu kuno kusatchula munthu n'kumutchula komwe.

20 Epulo, Pasaka

Marko watha lero, tsiku lake lenileni, ngakhale sabata ino ndachita kuthamanga. Lachinayi ndinali ku Getsemane, kumene atatu aja anapezeka atagona katatu konse, atalephera kudikira ola limodzi. Ndinawamvera chisoni monga munthu wolidziwa dzanzi la bondo. Lachisanu mutu 15. Lero amayi atatu akupita kumanda dzuwa litangotuluka, zonunkhira m'manja, akufunsana m'njira kuti mwala uja atikunkhunizire ndani. Ananyamuka pakhomo yankho alibe.

Masiku 70 chiyambireni Marko, ochonga 57.

14 Meyi

Tsiku la Kamuzu, sukulu kulibe, pa okala ndi anthu okhaokha chitsegulireni.

Mabelo athu asanu ndi limodzi anapita ku msika wa fodya wa ku Chinkhoma kumapeto kwa Epulo, ndipo ndalama zalowa. Sizambiri monga tinkalotera, fodya wa mizere yakumapeto uja anagwetsa mtengo wa belo limodzi, koma zalowa. Mudzi wasintha: njinga zamoto zatsopano, mawailesi usiku wonse, anyamata amene mu Febuluwale ankapempha ganyu pano akuitanitsa za m'botolo. Kutsogolo kwa kopeli maina akufafanizika tsiku ndi tsiku.

Kumbuyo kwake ndiye kwayamba mipata, ndipo zimenezi sindinaziyembekezere. Mwezi wa ndalama ndaphonya masiku ambiri kuposa mwezi wa malungo ndi maliro. Chifukwa chake ndachipeza, ndipo n'chopusa. Tinagula mbaula, thumba la makala ndi fulasiki, ndiye madzi a tiyi ndimawiritsa usiku. M'mawa palibenso chodikira. Ndimangodzuka, kusukusula, n'kuthamangira ku okala, poti ogula amayamba kugogoda 5 koloko. Chizolowezi chija ndinachimangirira ku moto wa nkhuni, moto utachoka nacho chinatsatira. Masiku asanu ndi limodzi otsatizana jumbo ya shuga sinamasulidwe, ndipo choopsa n'chakuti sindinamve kusowa kalikonse. Mu Febuluwale ndinkapempha ufa, mu Malichi ndinkapempha moyo wa mwana. Pano ndikati ndipemphere mawu amandithawa, ngati munthu wofika kwa mnansi wopanda chobwereka, wongoima pakhomo n'kumakanda m'mutu.

Ndinawauza apongozi. Anati, "Nanga kuthokoza si nkhani?" Ndayesa masiku atatu, ndipo ndapeza kuti kupempha ndimakutha ngati nyimbo, koma kuthokoza kumandithera pa chiganizo chachiwiri. Ndayamba kutchula zinthu ndi maina ake, chimodzichimodzi: belo ili, mwana uja anachira, ng'ombe ya ngolo sinadwale, denga silinadonthe.

Baibulo ndalisamutsa, lili ku okala pansi pa kauntala, ndipo kiyi wa zenera logulitsira ndamumangirira ku jumbo yake. Zenera silitseguka ndisanawerenge Salmo limodzi. Masalmo alipo 150, ndipo la 119, la mavesi 176, ndidzalidula m'zigawo zake 22. Atifikitsa ku mvula yoyamba amenewa. Ogula azidikira. M'mawa uno wina anagogoda n'kufuula kuti shuga wa phala ukuchedwa, ndinamuyankhira mkati momwemo kuti Salmo 3 ndi lalifupi, apirire.

8 Juni

Kwazizira. Chimanga chili m'nkhokwe, tikukumba mtedza.

Za m'mawa zikuyenda, ndili pa Salmo 24. Za madzulo katatu kapena kanayi pa sabata, ndipo nyimbo akuyambitsa ndi bambo tsopano, iwo amene kale ankangong'ung'udza m'munsi. Amayambitsira pamwamba kwambiri, pofika pa kolasi tonse timakhala tapachikika, koma palibe amene wawauza. Kusala sikunabwerere, ndipo sindikukufulumirira. Eksodo 17 mpaka Malaki akundidikirabe. Apongozi akuti nyemba zachuluka chaka chino, tidzalowe Levitiko limodzi, ine ndiziwerenga, iwo azifotokoza za nsembe.

Mnzanga wina wa m'Chigwirizano wandipempha kuti ndimujambulire mizere ngati yanga. Ndamuuza kuti ayambe wandiuza chimene amachita m'mawa uliwonse osaphonya. Anaganiza kanthawi, akuti kutsegulira mbuzi. Tiyambira pa khola pomwepo, Lachiwiri ndikamuona.

Funso la ndowa ndinalifunsa. Amayi anagawikana pawiri. Ena akuti chibale ndi fupa, inde, koma feteleza ndi ndalama, ndipo kumusiya munthu ndi ngongole n'kumuphunzitsa kuba. Ena akuti ukakhululuka usasunge lisiti. Wotsogolera anatseka ndi pemphero nkhani isanathe, amayi awiri akuyang'ana kumene anakhala alamu.

Dzulo mwana wa alamu anabwera ndi lichero la mtedza, akuti amayi ati mulaweko wa chaka chino. Za feteleza sanatumize mawu. Ndinatsegula tsamba lachitatu, ndinayamba kuwerengetsa kuti lichero la mtedza lingachotse zingati pa ndowa ya CAN, mpaka ndinalemba nambala m'mbali ndi pensulo. Kenako ndinaifufuta ndi chala chonyowetsa. Mtedza tinakazinga madzulo, agogo anapempha wosinja chifukwa cha mano. Lichero ndikabweza mawa ndekha, osatuma mwana, ndipo ndikuganiza zoikamo paketi ya shuga.